Miyala ya ku Avebury ndi nsanja ya pa mlatho wathu

Akonzi,

Ndikupempha malo okulirapo pang'ono m'nyuzipepala yanu, chifukwa nkhani imene ndili nayo ndaisunga m'mimba miyezi ingapo ndipo yakana kufupika. Ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko zaka 36 m'sukulu za boma lino la Mangochi, kuyambira kumapiri a Namwera mpaka kugombe la Nkope. Mwezi wa Meyi chaka chatha mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino mumzinda wa Swindon ku England, anandiitanitsa kuti ndikaone mdzukulu amene ndinkangomudziwira pafoni. Za ndege, za kuzizira ndi za kugona osadya nsima sindinenapo, ena anazinena kale. Ine ndikufuna kunena za tsiku limodzi lokha, Loweruka limene ananditengera ku kamudzi kotchedwa Avebury.

Usiku wa Lachisanu mwanayo anandiuza kuti, “Ababa, mugone msanga, mawa tikupita kukaona miyala.” Ndinamuyang'ana. Ndinati mayi, ine ndachokera ku Mangochi kumene timapunthwa pa miyala tsiku ndi tsiku, ndiye ndakwera ndege usiku wonse kuti ndidzaone miyala ina? Mtima wanga unali pa London. Iye anangoseka n'kupitiriza kumanga kamba. Kugona msangako nakonso kunali kovuta, chifukwa mwezi umenewo kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo ine Msilamu ndinkachita kudalira foni ya mkamwini kuti ndidziwe nthawi ya swala.

Tinakwera basi nambala 49 pa Swindon, ulendo wa theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Avebury ali m'dera la Wiltshire, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 500. Kuno kwathu nyakwawa imene ili ndi anthu 500 sinayambe n'komwe kuganiza zopempha ugulupu. Pali tchalitchi chakale cha St James, kasitolo, nyumba ya mowa ndi chakudya yotchedwa Red Lion, ndi nyumba zokhalamo zowerengeka. Chimene chinayamba kundiimitsa si miyala ayi, koma madenga. Nyumba zina, kuphatikizapo Red Lion yomweyo, n'zofolera ndi udzu. Ndinafunsa mkamwini kuti kodi kunonso kuli amphawi otere? Iye anati, “Bambo, nyumba za udzu kuno ndiye za anthu olemera. Ofolera ndi ochepa ndipo amalipiritsa ndalama zambiri.” Ine amene ndinatenga ngongole kuti ndichotse udzu n'kuika malata pa nyumba ya malemu mayi anga, ndinangoti kukamwa yasa. Komatu udzu wake si wongoponya ngati wa pa khola. Ndi wokhuthala, wometedwa bwino ngati tsitsi la mkwati, womangidwa ndi waya kuti mbalame zisazule.

Tsono miyalayo. Mudziwo unamangidwa m'kati mwa bwalo la miyala ikuluikulu yochita kudzikidwa, ndipo misewu iwiri imapingasana pakati pa bwalolo. Bwalo lalikulu m'mimba mwake ndi mamita oposa 300, ndipo poyamba linali ndi miyala pafupifupi 100. Ina mwa miyalayo imalemera matani oposa 40, kuposa katundu wa thiraki yonyamula feteleza. Anaidzika anthu zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, nthawi imene kumeneko kunalibe chitsulo kapena ngolo. Kunja kwa miyalayo kuli chingalande chozungulira ndi mtumbira wake, ulendo woposa kilomita imodzi kuti uzungulire. Chingalandecho pochikumba chinkafika mamita 9 kuya, ndipo zokumbira zake zinali nyanga za agwape akumeneko. Amene anakumbapo chitsime ndi khasu ndi piki m'dothi louma la Okutobala andimva. Nthaka yakenso inandiseketsa. Pansi pa udzu pali choko, choko chomwechi chimene ndinkapempha kwa ahedi n'kumachithyola pakati kuti chifike Lachisanu. Kumeneko anthu amachiponda ndi nsapato.

Palibe mpanda wa waya wotchinga miyalayo, palibe wolipiritsa pachipata kuti uione. Nkhosa zimadya udzu pakati pake, ndipo timiyendo ta mdzukulu wanga tinabwerako tili ndi ndowe. Munthu umaugwira mwalawo ndi dzanja, umautsamira ngati ukufuna. Malowa, pamodzi ndi Stonehenge, malo ena a miyala yodzikidwa amene ali kummwera kwake, bungwe la United Nations la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1986. Mtima unandikhala pansi pang'ono nditakumbukira kuti paki yathu ya Lake Malawi ku Cape Maclear inalowa pa mndandanda womwewo mu 1984, zaka ziwiri iwo asanalowe. Ndinamuuza mkamwini zimenezi kawiri.

Kukanakhala kuti n'zokhazi, sindikanakulemberani. Zinthu zakale zimapezeka kulikonse. Chimene chandilembetsa kalata ndi mayi wina wachikulire amene tinamupeza pafupi ndi nyumba yosungiramo zakale, wa msinkhu wanga kapena kuposa, atavala chikhoti chobiriwira ndi nsapato za matope. Ndi mmodzi mwa anthu amene amadzipereka kufotokozera alendo popanda malipiro. Atamva kuti ndine mphunzitsi wa ku Malawi, anatitenga ngati kalasi yake. Ndinamufunsa funso la mwana wa sitandade 4: ngati miyala inali pafupifupi 100, nanga ina ili kuti, poti pena pangokhala timizati ta simenti? Ndinkayembekezera kumva za adani, kapena nkhondo, kapena chivomezi. Iye anayankha osaphethira kuti anaiwononga ndi anthu a m'mudzi momwemo.

Anafotokoza chonchi. M'zaka za m'ma 1300 anthu a ku Avebury anayamba kukumba maenje m'mbali mwa miyala n'kuigwetseramo, kenako n'kukwirira. Akatswiri ena amati ankaiona ngati yachikunja, ena amati ankangofuna malo. Patapita zaka mazana angapo, cha m'ma 1600 kumapeto ndi m'ma 1700 kuchiyambi, anapeza njira ina yoipa kuposa yoyambayo. Ankaugwetsera mwala pa dzenje la moto, ukatentha n'kuuthira madzi ozizira, ukang'aluka n'kuuphwanya ndi nyundo kuti amangire nyumba ndi mipanda. Ndi nzeru yomweyi imene amayi oswa miyala m'mbali mwa misewu yathu amagwiritsa ntchito akayatsa matayala pa thanthwe. Munthu wina wophunzira, William Stukeley, ankafika m'mudzimo m'zaka za m'ma 1720 n'kumajambula zimene ankaona, ndipo chifukwa cha zojambula zake anthu lero amadziwa pamene miyala ina inaima. Analembanso ngakhale dzina la katswiri wophwanya miyalayo, Tom Robinson. Mayi uja anatiloza khoma la nyumba ina n'kunena kuti taonani zidutswa izo, ndi miyala ya m'bwalo imeneyo.

Anatiuzanso za munthu amene mafupa ake anapezeka pansi pa mwala umodzi mu 1938. Anali ndi sizasi, kachitsulo kochitira opaleshoni ndi tindalama ta siliva ta m'zaka za m'ma 1320, ndiye anthu amamutcha wometa, chifukwa masiku amenewo wometa tsitsi ndi amene ankakhalanso sing'anga wong'amba zithupsa ndi kuzula mano. Kwa nthawi yaitali ankati mwala unamugwera pamene ankathandiza kuukwirira, ena pambuyo pake anati mwina anaikidwa pamenepo atafa kale. Mdzukulu wanga, amene ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye anaikonda nkhani imeneyi kuposa zonse. Anandikoka malaya n'kufunsa kuti, “Agogo, kwanu kuli wometa wapansi pa mwala?” Ndinati wometa wanga ali pansi pa mtengo wa mango ndipo ali moyo.

Amene anadzutsa miyala inali yokwiririka ndi Alexander Keiller, munthu wolemera wa banja la ku Dundee ku Scotland limene linapeza chuma chake pogulitsa jamu wa malalanje. M'zaka za m'ma 1930 anagula malo ambiri m'mudzimo, anakumba, anaimikanso miyala imene anaipeza, ndipo pamene mwala unasoweratu anaikapo kamzati ka simenti. Mu 1943 malowo anapita m'manja mwa National Trust, bungwe limene likuwasamala mpaka lero. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa zinaoneka. Koma kalumo kakuthwa kamachekanso. Pofuna kuti bwalo lioneke bwino, nyumba zina zimene zinali m'kati mwake zinagwetsedwa ndipo mabanja anasamukira ku malo ena oyandikana nawo otchedwa Avebury Trusloe. Mayi uja sanabise zimenezi. Ine sindinazikonde, ndipo ndinamuuza. Kusamutsa munthu wamoyo chifukwa cha mwala ndi nkhani imene ife a m'mphepete mwa nyanja timaidziwa fungo lake, ife amene magombe ena amene tinkasambapo tili ana lero ali kuseri kwa mipanda. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ngakhale m'mudzimo alipo amene mpaka pano amadandaula.

Titamwa tiyi, amene mtengo wake sindiutchula kuopa kuti abale anga angandiyese wolemera, tinayenda wapansi kupita ku Silbury Hill. Ndi chiphiri chozungulira ngati chulu, chotalika mamita oposa 30, ndipo chonsecho anachiunjika ndi anthu, dengu ndi dengu la choko ndi dothi, zaka pafupifupi 4,400 zapitazo. Anthu akhala akuchibowola kufuna chuma kapena manda a mfumu: mu 1776 anakumba kuchokera pamwamba, mu 1849 analowera m'mbali, ndipo mu 1968 anakumbanso akujambula pa wailesi ya kanema ya BBC. Sanapeze mfumu kapena golide. Chimene anapindula n'chakuti mu 2000 pamwamba pa phiripo panatitimira dzenje chifukwa cha maenje akalewo, ndipo zinatengera ntchito yaikulu kulitseka. Lero saloleza kukwerapo, umangoonera patali. Ndinakumbukira anthu amene amabwera m'midzi yathu usiku kufunafuna ndalama za Ajeremani ndi miphika ya chuma m'mapiri. Matenda amenewa alibe khungu.

Kutsidya kwa msewu, pamwamba pa kamtunda, pali manda otchedwa West Kennet Long Barrow. Njira yopita kumeneko imadutsa pakati pa minda ya anthu, ndipo lamulo lawo limalola aliyense kuyenda pa tinjira totere bola osaponda mbewu ndi kutseka kachipata ukadutsa. Mandawo ndi mtumbira wautali pafupifupi mamita 100, wokhala ndi tizipinda ta miyala kutsogolo kwake, ndipo ndi akale kuposa bwalo lija, zaka zoposa 5,500. M'menemo munapezeka mafupa a anthu oposa 30, akulu ndi ana omwe. Alendo amalowa m'kati. Ine ndinaima pakhomo. Kwathu kumanda sumalowa chilowelowe popanda chilolezo cha amfumu, ndipo sumapitako kukacheza. Mdzukulu anali atalowa kale, mawu ake akumveka m'kati, “Agogo, bwerani, mulibe munthu!” Amake anandiuza kuti mafupawo anachotsedwa kalekale. Ndinalowa, ndinawerama, ndinaona maluwa ouma ndi kandulo zimene ena anasiya pakona, ndinanena dua chamumtima, n'kutuluka msanga. Pano sindinganene kuti ndinachita bwino kulowa. Koma ndinaona kuti panalibe pepala kapena botolo lotayidwa pansi, ndipo panalibe mlonda.

Tsopano ndibwere kwathu, poti kalata ino si yotamanda Angerezi. Iwo ali ndi zawo zochititsa manyazi zambiri, zina anazichitira pompano.

Nditabwerako ndinapita pa nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamene ndadutsa kambirimbiri osatembenuka. Ndinafunsa anyamata atatu a kabaza amene anali pamthunzi kuti nsanjayi ndi ya chiyani. Woyamba anati ndi ya Kamuzu. Wachiwiri anati ndi ya azungu basi. Wachitatu anati, “Madala, mukwera kapena mukufufuza?” Sindikuwaseka ana amenewa, chifukwa ena mwa iwo anadutsa m'manja mwa aphunzitsi ngati ine. Nsanjayo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain imene inamwalira mu 1901, pamene tauni yathu inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda. Mzinga umene uli pambali pake unachokera pa sitima yankhondo ya Angerezi ya Gwendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Captain Rhoades anapita ndi sitimayo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Nkhani imanenedwa kuti mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo, amene anali mnzake wa Rhoades womwa naye, anali asanamve kuti kwayamba nkhondo, ndipo anabwera pa bwato akukalipa kuti kodi mnzakeyo waledzera. Nkhondo imeneyo ya pa nyanja yathu imawerengedwa pakati pa nkhondo zoyambirira za pamadzi za nkhondo yaikuluyo. Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja n'kupha anthu 145. Pang'ono kuchokera apo pali nyumba yosungiramo zakale za nyanja, m'nyumba imene inali kalabu ya azungu.

Nkhani ya Rhoades ndi mnzake ndi yokoma ngati ya wometa uja, ndipo mwana aliyense angaigwire ataimva kamodzi. Koma taonani mayina amene ndatchulawa. Victoria, Johnston, Rhoades, Gwendolen. Mlendo amene angaime pa mlatho wathu n'kuwerenga zimene zalembedwa angaganize kuti mbiri ya Mangochi inayamba tsiku limene mzungu anatsika m'sitima.

Nanga Mfumu Mponda? David Livingstone anafika pa nyanja ino mu 1859 atatsata Shire, ndipo mu 1866 anachezera mudzi wa Mponda, umene unali waukulu ndi wa malonda, pa dooko limene amalonda ochokera kumadzulo ankawolokera popita kunyanja yamchere. Nanga Makanjira, amene anthu ake anapha Captain Maguire, mkulu wa asilikali a atsamunda, mu Disembala 1891 pamene ankafuna kuwononga ngalawa zawo? Nanga Jalasi, amene atsamunda ankamulemba kuti Zarafi? Mu 1892 ankhondo ake anathamangitsa asilikali a atsamunda m'mapiri n'kuwalanda mzinga, ndipo anagonja mu 1895. Pamalo pa mudzi wake wa paphiri atsamunda anamanga linga la Fort Mangochi, limene makoma ake a miyala alipobe m'nkhalango. Tili ndi mzinga wa Gwendolen pa mlatho, koma ndi ana angati amene anamvapo za mzinga umene Jalasi analanda?

Ndikudziwa chifukwa chake timakhala chete, ndipo ndichinena ine ndemwe monga Myao wobadwira kuno. Mafumu amenewa anali olimba mtima, anakana kulamulidwa ndi alendo, koma analinso pa malonda a minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankadutsa pa dooko lathu ali m'magoli kupita ku Kilwa ndi madooko ena. Ukayamba nkhani ya kulimba mtimako, nkhani ya magoli imabwera pambuyo ngati mchira, ndiye timasankha kusiya zonse ziwiri. Mawu akuti kapolo m'midzi yathu sanenedwa masana. Agogo anga aakazi anandiuza kamodzi kokha, ndili mnyamata, tikusenda chinangwa, kuti amayi awo sanali a kuno. Anabwera ali kamtsikana kuchokera kumadzulo kwa nyanja, ndipo sanabwere okha kapena mwa kufuna kwawo. Anatsalira pa mudzi chifukwa anali wamng'ono kwambiri kuti ayende ulendo wakunyanja yamchere. Agogo atanena zimenezo anandiuza kuti ndisakabwereze kwa wina aliyense. Ndasunga zaka zoposa 50. Choncho m'magazi mwanga muli wogulitsa ndi wogulitsidwa, ndipo ndikukhulupirira kuti si ine ndekha m'boma lino.

Mayi wa ku Avebury uja atanena kuti anawononga miyala ndi anthu a m'mudzi mwake, nkhope yake sinasinthe. Sananene monyoza makolo ake, ndiponso sanawaikire kumbuyo. Anangonena zimene zinachitika, ndipo ife tinamukhulupirira pa zina zonse chifukwa cha zimenezo. Ndikudziwa kuti kuphwanya mwala ndi kugulitsa munthu si milandu yofanana, ndipo bala lathu ndi lakuya komanso laposachedwa. Zidzukulu za mbali zonse ziwiri timakumana pa jumwa ndi pa maliro. Koma kukhala chete kwathu kwasiya nkhaniyi m'mabuku a amishoni ndi a atsamunda okha, amene anailemba mokomera iwo, ndipo ana athu akaiwerenga kumeneko amaphunzira kuti makolo awo anali zilombo zimene mzungu anabwera kudzaweta. Ena akakwiya nazo amalumphira mbali ina n'kumati ukapolo kunalibe, n'zopeka za adani a Chisilamu. Onse awiri akunama, ndipo amanama chifukwa ife amene tinamva kwa agogo athu tatseka pakamwa.

Chala choyamba ndidziloze ndekha. Ndinaphunzitsa zaka zisanu ndi ziwiri m'dera la Namwera, mapiri a Jalasi ndikuwaona pawindo la kalasi, ndipo sindinatengepo ana ngakhale kamodzi kupita ku linga lija. Ndinkati n'kutali, ndinkati mayeso ayandikira. Ndinapitako ndekha kamodzi ndi alenje, ndinaona makoma atamera mitengo, ndinabwerako osauza kalasi. Ku Nkope ndinakhalako zaka zinayi osadziwa kuti dzina la malowo limadziwika m'mayunivesite a kunja. Katswiri wofukula zakale, Keith Robinson, anakumba kumeneko m'zaka za m'ma 1960 n'kupeza mapale a mbiya za anthu oyamba kusula chitsulo m'dera lino, zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo mtundu wa mbiya zimenezo akatswiri amautcha Nkope mpaka lero kulikonse kumene zapezeka. Ine ndinkaona ana akusewera ndi mapale okhala ndi mphini zokongola amene mvula inafukula, ndipo ndinkawakalipira kuti ataye zinyalala. Ku Cape Maclear alendo amapita ku manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe malungo atawatha, ndipo ena amaima pa Mwala wa Mphini kujambulitsa. Koma funsani mwana wa sekondale wa pa boma pano ngati anauonapo mwalawo.

Sindikupempha ndalama za boma m'kalata ino. Ndikudziwa kuti chipatala chikufuna mankhwala ndipo misewu ikufuna phula, ndipo amene angaike mwala patsogolo pa zimenezo ndikhala woyamba kumutsutsa. Sindikulonjezanso kuti tikalemba zikwangwani azungu adzakhamukira kuno ndi mapaundi. Mwina adzabwera owerengeka, mwina ayi, ndipo amene amabwera kale amadutsa pa mlatho ndi liwiro kuthamangira kugombe. Ine nkhawa yanga ndi mnyamata wa kabaza uja, amene amakhala tsiku lonse pansi pa nsanja imene sakudziwa mwini wake, pa mtsinje umene agogo ake anawoloka mwina ali omangidwa, mwina ali ogwira chingwe.

Chimene ndinaona ku Avebury chimene tingathe popanda ngongole ndi mayi wa chikhoti chobiriwira uja. Aphunzitsi opuma tilipo ambiri m'boma lino, tikungokhala pa khonde kudikira penshoni ndi kukangana za mpira. Bwanji aliyense asatenge malo amodzi apafupi ndi kwawo n'kuwaphunzira bwinobwino, kuti sukulu ikafuna kubweretsa ana apeze munthu wowafotokozera? Zikwangwani zikalembedwa, zilembedwe m'Chiyao ndi m'Chichewa poyamba, Chingerezi chibwere pansi, ndipo eni mahotela a m'mphepete mwa nyanja amene amadyera dzina la Mangochi sangasauke ndi mtengo wa thabwa ndi penti. Koma changu chenicheni chili pa okalamba. Amene anaona Jalasi ndi maso anapita kalekale, koma amene anamva kwa iwo alipo ochepa, ndipo dzinja lililonse limatenga ena. Foni imene tikujambulira magule a pa ukwati ingathenso kujambula gogo akufotokoza. Mafumu athu ndiwo angatsegule khomo limeneli, chifukwa popanda mawu awo palibe nkhalamba imene idzayankhule, ndipo ndikuwapempha mwaulemu wonse kuti alole nkhani zonse zinenedwe, zokoma ndi zowawa zomwe. Stukeley sanaletse Tom Robinson kuphwanya miyala, analibe mphamvu zimenezo. Anali ndi pepala ndi cholembera basi, ndipo patapita zaka 200 Keiller anadalira mapepala omwewo pofufuza pamene miyala inaima.

Ena adzati mkuluyu wapita ku Ulaya kamodzi ndiye wabwera ndi nzeru zotiphunzitsa. Anene, ali ndi ufulu. Mkazi wanga ananena kale, ndipo anawonjezera kuti nkhani ya agogo ndikanaisiya kumene inali. Takangana masiku awiri, ndipo kalata ino ndaitumiza asanavomere.

Loweruka loyamba la mwezi wamawa ndidzakhala pa nsanja ya wotchi kuyambira 9 koloko m'mawa, nditavala chisoti choyera, ndili ndi kope latsopano la masamba 96 ndi zolembera ziwiri. Amene ali ndi nkhani imene anamva kwa akuluakulu ya Mponda, ya Makanjira, ya nkhondo ya paphiri la Jalasi, kapena amene m'bale wake anali mu Vipya, abwere tidzalembe. Amene safuna kuti dzina la banja lake lilembedwe, sindidzalilemba. Mnyamata wa kabaza amene anandifunsa ngati ndikukwera kapena ndikufufuza ndapangana naye kale kuti ndi amene adzandinyamule, ndipo wati adzakhala nawo ola limodzi bola ndimulipire ngati wapita ku Mpondasi n'kubwerako.

Mphunzitsi wopuma,
Mangochi